Mita Imodzi ndi Theka

Tsiku limene aphunzitsi atatu a ku yunivesite anandikhazika pakati n'kundipanikiza ndi mafunso kwa maola awiri, ndinabwerera kunyumba wapansi. Mwamuna wanga anali atabwereka galimoto kuti adzanditenge, koma ndinamuuza kuti atsogole. Miyendo inkandiyabwa. Kwa zaka ziwiri ndinkaphunzira digiri yachiwiri ya kakonzedwe ka mizinda, ndipo atangonena kuti ndakhoza, ndinasowa poika manja.

Bambo anga ndinawapeza pakhonde. Ankakhala nafe chimwalirireni amayi, ndipo moyo wawo wonse anali mmisiri womanga nyumba.

"Wakhoza?"

"Ndakhoza, bambo."

"Ndiye tsopano ndiwe ndani? Injiniya?"

"Ayi."

"Wojambula mapulani a nyumba?"

"Ameneyo ndi wina."

"Woyeza malire?"

"Nayenso ndi wina. Ine ntchito yanga ndi kuona podutsa msewu, pokhala msika, kolowera madzi amvula."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato zafumbi mpaka kumutu. "Madzi amvula amadziwa okha kolowera, mwanawe. Ndipo sanapondeko ku yunivesite."

Kafukufuku wanga anali wa njira imodzi yokha. Pakati pa mtunda wa nyumba zothinana ndi depoti ya minibasi panali malo opanda nyumba, aakulu ngati mabwalo anayi a mpira, ndipo anthu anapondapo njira yachidule. Sinali pamapu alionse a khonsolo ya mzinda. Komabe ndi imene ankadzera opita kuchipatala, ana asukulu, amayi osenza katundu wa pamsika ndi amuna okankha mawilibala. Wozungulira kumsewu waukulu ankawonjezera mphindi makumi awiri ndi zisanu. Kwa miyezi itatu ndinkakhala polowera njirayo ndi kope langa, kulemba aliyense wodutsa. Ankakwana zikwi zinayi pa tsiku.

Mthunzi ndinkapempha kwa atelala ena amene ankasokera pomwepo, m'kamsasa ka malata anayi. Anali bambo a imvi m'ndevu zokha, ndipo ndi iwo anandipatsa dzina loti a Kalembera. Ndikachokapo pang'ono ankandiwerengerako, koma ankadumpha anthu amene sankagwirizana nawo. "Uyo musamulembe, a Kalembera. Si munthu ameneyo."

Sabata yotsatira mayeso ndinazunzika. Ndinkadzuka m'mamawa ngati wopita kukalasi, kenako n'kuima pakati pa balaza osadziwa kolowera. Ndinasuntha mipando kawiri. Ndinatenga tepi n'kuyeza m'lifupi mwa msewu wa kwathu, popanda wondituma. Mwamuna wanga, mphunzitsi wa masamu amene amatha kukhala pampando umodzi mpaka mthunzi kumusiya, anati, "Make mwana, khalani pansi. Mukundichititsa chizungulire."

Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandiitanitsa ku ofesi. Tinkawatchula a Bwerezanso, chifukwa ndi mawu amene ankalemba pansi pa tsamba lililonse. Ankafuna ndipitirize mpaka digiri yaudokotala, kenako ndidzaphunzitse pomwepo. Zaka zinanso zinayi. Ndinayang'ana mashelefu awo odzaza malipoti a ophunzira akale, onse a zikuto zabuluu, langa lili pamwamba lisanayambe kugwira fumbi.

"Mwa malipoti onsewa, ndi angati anasanduka msewu weniweni?" ndinafunsa.

"Funso labwino kwambiri," anatero. "Mukhoza kulembapo kafukufuku."

Ndinapita ku khonsolo, kumene ndinagwira ntchito zaka zisanu ndi chimodzi ndisanapite kusukulu, mu ofesi yovomereza mapulani. Ntchito yanga inali ikadalipo, desiki ndiyo inali itapita kwa wina. Abwana anandilandira ndi manja awiri, nati lipoti langa komiti idzaliona ikadzakumana.

"Idzakumana liti, bwana?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

Potuluka ndinaona pulani yaikulu itakhomedwa pabolodi m'khonde. Malowo ndinawazindikira ndisanawerenge nambala ya puloti. Masitolo akuluakulu, poimika magalimoto mazana atatu, mpanda kuzungulira mbali zonse. Pakona panali chidindo cha ofesi yathu yomweyo, ndipo tsiku lake linali la mwezi umene ine ndinali m'kamsasa ka atelala, kutanganidwa ndi kulemba anthu. Ndinatsika masitepe osatsanzika wina aliyense.

Patapita masiku awiri foni inalira. Anali a kampani yomanga masitolowo. Mmodzi wa aphunzitsi atatu aja anali atawapatsa lipoti langa.

Ofesi yawo inali mu kontena pamalo omwewo. Njira ija ndinaipeza itatchingidwa ndi malata. Anandilandira amayi aatali, ovala chipewa cholimba chachikasu, amene aliyense ankangowatchula a Injiniya. Sanafunse za masatifiketi. Ananditengera kumpanda n'kundionetsa bowo lodulidwa mwaluso, m'mphepete mwake mopindidwa kuti musang'ambe zovala. Tili chiimire, amayi ena anatulukira pabowopo ndi mwana kumsana, natipatsa moni, n'kupitirira.

"Katatu tatseka, katatu aboola," anatero a Injiniya. "Dzana ndinapeza mlonda wathu akugwirira anthu katundu kuti adutse bwino. Inu mukuwadziwa anthuwa. Tiuzeni timange mpanda wotani woti asauboole."

"Mpanda wosabooledwa ndi wokhala ndi khomo."

Anaseka kamodzi kokha. "Zimenezo mukawauze eni malo. Muyamba Lolemba?"

Kunyumba nkhaniyo sinakome. Mwamuna wanga anaika cholembera pansi, chinthu chimene sachita kawirikawiri akamachonga makope.

"Mwawerenga anthu miyezi itatu, lero mukukagwira ntchito kwa owatsekera?"

"Ndikakhala kunja, mpandawo umangidwabe."

"Onse olowa amanena choncho."

Bambo sanalowerere. Anangoti, "Ukafunse ngati akufuna womanga. Ana a masiku ano amayala njerwa ngati akuthawa njuchi."

Lolemba ndinadzera pakamsasa ka atelala, chipewa chachikasu chili m'manja. Ndinkafuna kuchibisa, koma chipewa chotere sichibisika. Anaimitsa mashini, nachotsa singano pakamwa.

"A Kalembera, vulani manyazi, valani chipewacho tione. Eya, chakukhalani. Kodi paja munkatiwerenga kuti mudziwe kuchuluka kwa njerwa?"

Mawuwo anandilasa. Ndinangoti, "Ndipatseni miyezi itatu."

"Ine miyezi ndilibe. Ndili ndi ulusi basi." Anapondanso mashini.

Ntchito imene anandilembera inali yokonza kayendedwe ka magalimoto, polowera ndi potulukira, podikirira malole otsitsa katundu. Imeneyo ndinkaimaliza isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Masana onse ndinkajambula njira. Ndinaiika m'malire a kum'mawa, ya mamita anayi, yamitengo ndi magetsi. A Injiniya anaiona, natenga pensulo, nadula mita imodzi. "Kuti asakomoke," anatero.

Eni malo anali bambo ofatsa, olankhula motsitsa, obwera Lachinayi lililonse. Ankatsika m'galimoto pokhapokha ataona kuti pansi palibe matope. Ndinayala pulani paboneti, mphepo ikulimbana nane, n'kuwafotokozera kuti anthu zikwi zinayiwo nawonso amagula sopo ndi mchere. Anamvetsera mpaka pamapeto, akugwedeza mutu mwaulemu.

"Mayi, anthu anga obwera pagalimoto safuna kuwombana ndi mawilibala. Mamita atatuwo akutidyera magalimoto angati?"

"Makumi anayi," anayankha a Injiniya.

"Ndiye ayi." Anandithokoza chifukwa cha khama langa, nakwera galimoto.

Kuyambira pamenepo mtima sunakhalenso m'malo. Ndinkangozungulira pamalowo, kuchoka kumaziko kupita kumpanda, kuchoka kumpanda kubwerera ku kontena. Amisiri ankanong'onezana kuti ndili ngati nkhuku yosowa poikira. Njirayo ndinaijambula kakhumi ndi kamodzi, kumadzulo, pakati, pansi pa masitolo, ngakhale pamwamba ngati mlatho. Ndinalemba kalata yosiya ntchito, n'kumayenda nayo m'chikwama mpaka inayamba kuthetheka m'makona. Loweruka lina ndinazungulira kumsewu waukulu ndi wotchi m'manja, ngati kuti mphindi zija zingachepe ndikaziwerenganso. Ndinapeza agogo ena atakhala pamwala pakati pa ulendo, khadi lachipatala lili pamiyendo, akupuma. Nthawi imeneyo kampani inali itaika alonda atatu, ndipo bowo linali litatsekedwa ndi zitsulo zowotcherera.

Mvula yoyamba inagwa Lachiwiri masana. Madzi ochokera kumtunda kuja anatsetsereka m'malire a kum'mawa, nadzaza maenje a maziko, nakokolola mulu wa mchenga. Pamene a Injiniya ankakalipira akapitawo, ine ndinathamangira mu kontena n'kutulutsa kalata ya khonsolo yovomereza pulani. Makalata amenewa ndinawalembapo mazanamazana, ndipo ndinkadziwa kuti palibe amawerenga tsamba lachitatu. Zinalipo: ngalande ya mita imodzi ndi theka m'malire a kum'mawa, ikhale kunja kwa mpanda kuti antchito a khonsolo azitha kuikonza. Eni malo anali atataya kale malo amenewo, iwo osadziwa.

Ndinawapeza a Injiniya akupala matope kunsapato ndi kachidutswa ka thabwa.

"Ngalande ikavindikiridwa ndi masilabu a konkire," ndinatero, "imasanduka njira."

Anawerenga tsambalo kawiri. "Pamaso pa eni malo musatchule mawu oti njira. Munene kuti tikuvindikira kuti ana asagweremo."

"Si bodza limenelo?"

"Ana sangagweremo?"

"Angagweremo."

"Ndiye bodza lili pati?"

Lachinayi eni malo anasaina, akuyamikira kuti kampani yathu imaganizira ana. Ine maso anali pansi. Mita imodzi ndi theka. Ndinali nditaphunzira zaka ziwiri kuti anthu zikwi zinayi safunika zochepera mamita anayi, ndipo ndinalemba zimenezo ndekha patsamba la makumi asanu ndi atatu.

Chojambula cha masilabu ndinabwera nacho kunyumba, n'kuchisiya patebulo. Ndikuchokera kukhitchini ndinapeza bambo atachiweramira, chala chachikulu chili pamanambala.

"Awa ndi opyapyala. Wilibala ikadutsa kakhumi, aphwanyika."

"A Injiniya awerengera, bambo."

"Awerengera munthu. Sanawerengere munthu ndi matumba anayi a simenti."

M'mawa ndinakawauza a Injiniya. Anatukwana pang'ono, natenga kakyuleta, natukwananso, kenako anawonjezera kunenepa kwa masilabu ndi zitsulo zamkati. Tsiku lothira konkire bambo anavala jekete lawo lakale n'kukwera nane minibasi. Anaima tsiku lonse manja kumbuyo, ndipo pofika masana anali atakangana ndi akapitawo kawiri, ulendo wachiwiri akapitawo n'kuvomera. Pobwerera anagona m'minibasi, fumbi la simenti lili m'nsidze. Sindinawaonepo osangalala choncho chimwalirireni amayi.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri njirayo inatha. Mbali imodzi kunali mpanda wathu, wautali mamita atatu, mbali ina khoma la nyumba yosungiramo katundu ya oyandikana nawo. Kutalika kwa njirayo mamita mazana awiri. Panalibe mwambo uliwonse. M'mawa wina amisiri anangozula malata kumapeto onse awiri. Anthu anaima kaye, akusuzumira ngati akuopa kuti muli msampha. Kenako namwino wina wa yunifolomu yoyera analowa, akuyenda mofulumira, ndipo ena onse anakhamukira pambuyo pake.

Chimwemwe changa chinatha lisanathe ola. Wilibala ya matabwa inakumana ndi wilibala ya kabichi pakati penipeni, ndipo palibe ankafuna kubwerera. Mzere unafika kumsewu. Ena ankakuwa kuti wa matabwa ndi wamng'ono, abwerere iyeyo. Ena ankati kabichi sathyoka, amunyamule pamwamba. Dzuwa litakwera, makoma awiriwo ankatentha ngati uvuni. Munthu sankatha kuima n'kupatsa mnzake moni, chifukwa wakumbuyo ankamuponda chidendene.

Kamsasa ka atelala kanali pamene panayenera kukhala geti la malole. Ndinadziwa zimenezo kalekale, chifukwa getilo ndinaliika ndine. Loweruka ndinapita kukawathandiza kusamuka. Anali atapeza kamalo kuseri kwa depoti, pafupi ndi owotcherera zitsulo. Mashini anawakweza pawilibala yobwereka, ine ndinanyamula mpando ndi thumba la nsalu za anthu. Tinalowa m'njiramo, iwo patsogolo.

Titapitirira theka tinakumana ndi njinga. Pa keliyala panali bambo okalamba odwala, mutu uli khoba, anthu awiri akuwagwirira uku ndi uku. Panalibe zokambirana. Atelala anayamba kukoka wilibala chambuyo, ine ndikubwerera ndi mpando pamutu, ndikupempha a kumbuyo kwathu kuti nawonso abwerere. Tinabwerera mpaka potulukira. Njinga itadutsa, anakhazika wilibala pansi, napukuta thukuta ndi kansalu kotsala pa diresi la munthu.

"Njira mwatisiyira, a Kalembera. Sitikukana. Odwala aja akanazungulira kumsewu, kaya akanafika."

Ndinadikira, chifukwa ndinaona kuti sanamalize.

"Koma inu munalemba odutsa okha. Ife oima simunatilembe."

Anayamba kuwatchula, akupinda zala. Wosoka nsapato. Wometa uja wa galasi losweka. Amayi awiri a nthochi amene sankalankhulana. Wokonza mafoni. Agogo amene sankagulitsa kanthu, ongobwera kudzaona anthu. Zala zinatha, anayambiranso. Anafika pa khumi ndi asanu ndi awiri.

Onsewo ndinkawadziwa. Ndinamwa madzi awo, wosoka nsapato anandisokerapo chikwama, amayi a nthochi ankandifunsa za chifuwa cha mwana wanga. M'masamba zana limodzi ndi makumi anayi a lipoti langa munalibe ngakhale mmodzi. Aphunzitsi atatu aja sanandifunse za iwo, ndipo ine sindinadzifunse.

"Ali kuti tsopano?"

"Wometa ali kumsika. Wa mafoni anapita kwawo. Agogo aja sindikudziwa." Anagwira wilibala. "Tiyeni, mpandowo musaugwetse. Ndi wamkulu kuposa inu."

Ndinakhalabe pakampaniyo mpaka masitolo anatsegulidwa. Ndinalimbana nawo mpaka anaika magetsi anayi m'njiramo, ngakhale ndinapempha khumi. Eni malo anadziwa zonse, monga zinayenera kukhalira. Lachinayi lina anaima potulukira, akuonerera khamu la anthu, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ana ake ndi ambiri," anatero, nakwera galimoto. Mpanda wawo sunabooledwenso, ndiye nkhaniyo inathera pomwepo.

A Injiniya ankafuna kunditenga kuntchito yotsatira, nyumba za anthu olemera kunja kwa mzinda. "Muli ndi mutu," anatero. "Mukangophunzira kugona tulo, mudzafika patali." Ndinawapempha sabata yoganiza. Mkati mwa sabata imeneyo ndinaona m'nyuzipepala kuti khonsolo ya tauni ina yaing'ono, ulendo wa maola anayi pabasi, ikufuna wokonza mapulani. Inali itagula munda waukulu wakale kuti igawe mapuloti. Kunalibe khoma ngakhale limodzi. Ndinalembera osauza aliyense, ndipo atandiitana m'pamene ndinaulula patebulo.

Mwamuna wanga ndiye anayamba kulankhula. "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, zimenezo ndikudziwa," anatero. "Koma dziwe lino lili ndi mwana wa sitandade fayifi."

"Ndizibwera Lachisanu lililonse."

"Ndipo kumeneko mukakhala pansi?"

Sindinamulonjeze. Tinakangana masiku atatu, motsitsa mawu kuti mwana asamve, ngakhale ankamva zonse. Tsiku lachinayi mwamuna wanga anabwera ndi chikwama chatsopano chokhala ndi matayala, nachiika pabedi.

Tsopano ndatha miyezi inayi kumeneko. Ndimachoka Lolemba m'bandakucha, ndimagona m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya zitsulo, ndipo mwana wanga waphunzira kumanga tsitsi yekha. Udzu wa m'mundamo umandifika m'chiuno, koma njira zilimo kale, zisanu ndi imodzi, zopingasana ngati mitsempha. Masabata atatu oyamba sindinajambule mzere ngakhale umodzi. Ndinkangoyenda, kufunsa amene amakhala pansi pa mtengo uti, kuyambira liti, dzuwa likapendeka amasunthira kuti. Abwana atsopano anayamba kundiyang'ana ndi diso lofiira, chifukwa ofuna mapuloti amadzaza khonde m'mawa uliwonse.

Mkangano waukulu uli pakati pa ine ndi woyeza malire, mkulu wa zaka makumi atatu pantchito. Pamphambano ya njira ziwiri pali mtengo wa mango, ndipo pansi pake pamakhala wokonza njinga ndi amayi atatu ogulitsa makala. Woyeza malire anakhoma chikhomo chake chachitsulo pakati pawo penipeni, ngodya ya puloti nambala wani. Ndinamupempha achisunthe mamita asanu ndi imodzi.

"Mayi, chikhomo chimodzi chikasuntha, mapuloti makumi anayi asuntha. Mukufuna ndiyambirenso chifukwa cha munthu wa mapampu?"

"Ndi anthu anayi. Lachisanu amakhala asanu ndi awiri."

"Alibe pepala lililonse."

"Pepalalo timalemba ndife."

Anakana, nanenso ndinakana. Nkhaniyo ikupita kwa makhansala mwezi wamawa, ndipo sindikudziwa kuti igwera kuti. Lachitatu lapitali ndinabwereka nyundo kwa wokonza njinga uja, n'kugwedeza chikhomocho mpaka chinazuka. Chili pansi pa desiki yanga, dothi likadali kunsonga. Woyeza malire sandilankhula. Timakwera galimoto imodzi popita kumunda, iye kutsogolo ndi dalaivala, ine kumbuyo pamwamba pa mtolo wa zikhomo.